Musanyoze Wotchi Yotchipa Mutavala Dzina Lakuba

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire chifukwa sindinabwere ndi ndakatulo. Ine ndine mayi wa geni. Benchi langa lili pa msika wa Liwonde, masiku ena ndimakayala ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Balaka. Ndimagulitsa malamba, zikwama, magalasi a dzuwa ndi mawotchi. Ndabwera kudzatsutsa mawu amene ambiri a inu mumawanena ngati vesi la pamtima, akuti chotchipa chimadzakudulira, chodula ndiye cholimba. Pa nkhani ya mawotchi mawuwa ali ndi choona pang'ono, koma bodza lake ndi limene likutidyera ndalama.

Ndikamba za mtundu umodzi: wotchi yonenepa ija, yachitsulo, yokhala ndi mkombero wa manambala umene umazungulira kunja kwa galasi. Mwaiona pa mikono ya aphungu, abusa, oyimba, ndi anyamata athu akamatsika basi ya ku Joni mwezi wa Disembala. Wotchi imeneyi sinapangidwire ukwati kapena kujambulitsa. Inapangidwira anthu obira pansi pa madzi. Mu 1953 makampani awiri a ku Switzerland, Blancpain ndi Rolex, anatulutsa Fifty Fathoms ndi Submariner, ndipo zinali zida za ntchito ngati khasu. Munthu akalowa pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya kumsana, moyo wake uli pa mphindi. Asanalowe amazungulitsa mkombero uja mpaka kachizindikiro kake kaloze pamene pali muvi wa mphindi, ndiye ali pansipo akangoyang'ana amadziwa kuti watha nthawi yaitali bwanji. Masiku ano mkomberowu umazungulira mbali imodzi yokha, chobwerera m'mbuyo, ndipo n'zadala. Ukagunda mwala n'kusuntha, umakuuza kuti wakhalitsa, iwe n'kutuluka msanga. Sungakuuze kuti nthawi ikadalipo pamene mpweya ukutha.

M'kati mwake mulibe batire. Muli sipuling'i yopindidwa, timagiya, ndi kachitsulo kolemera kooneka ngati mwezi wa theka, kamene kamazungulira mkono ukamayenda n'kumakunga sipuling'iyo. Ukamapalasa kabaza, ukamasinja, ukamachapa, wotchi ikudya pomwepo. Ukaisiya pa tebulo masiku angapo imaima, ukaivala imadzuka.

Tsono musati ndikunyoza Rolex chifukwa sindingaikwanitse. Yeniyeni ndi yabwino, ndipo ndinena ubwino wake ndisanaudule miyendo. Submariner ya lero imapirira mamita 300. Ukaivula imayendabe maola 70. Kampani imalonjeza kuti sichedwa kapena kuthamanga kupitirira masekondi 2 pa tsiku. Chitsulo chake ndi cha mtundu wa 904L, chovuta kugwira dzimbiri, ndipo kapukutidwe kake kokha ndi luso. Mtengo wa yatsopano umapitirira madola 9,000. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola ya ku banki inafika cha m'ma K1,700. Werengani nokha, ndi ndalama zoposa K15 miliyoni, ndipo tonse tikudziwa kuti dola ya mtengo umenewo timangoimva pa wailesi. Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pa mwezi. Wolandira zimenezo angafunike zaka 14, osadya, osalipira lendi, osaika maliro, kuti amange Submariner pamkono.

Funso langa n'lakuti pa mamiliyoni onsewo, ndi angati amene akulipira kulimba, ndi angati amene akulipira zilembo zisanu zija ndi kachisoti kachifumu?

Yankho lili ku Japan. Mu 1965 Seiko inatulutsa wotchi yake yoyamba ya obira, ya mamita 150. Mu 1996 inatulutsa SKX007 ya mamita 200, ndipo kwa zaka zoposa 20 anthu ankaigula ndi madola a m'ma 200. Pankhope pake panalembedwa kuti DIVER'S 200m, ndipo mawu amenewa salembedwa mwachisawawa. Pali muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 6425. Kuti wotchi iukwanitse, iyenera kupirira mamita osachepera 100, ioneke mumdima uli nayo pa mtunda wa masentimita 25, isagonje ku madzi a mchere, ku maginito ndi ku kugunda, ndipo amaiyesa ndi mphamvu ya madzi yoposa imene yalembedwa ndi 25 peresenti. Muyezowu sufunsa kuti wotchi yagulidwa zingati. Madzi nawonso sawerenga risiti. Orient, m'bale wake wa Seiko, amapanga Mako ndi Kamasu za mamita 200 ndi injini yakeyake, pa mtengo wa komweko.

Imene ndimaikonda kwambiri nkhani yake ndi ya ku Russia. Mu 1967, m'tawuni ya Chistopol, fakitale ya Vostok inafuna wotchi ya mamita 200 koma inalibe makina apamwamba ngati a ku Switzerland. Amisiri ake, mmodzi wa iwo anali mayi, Vera Belova, anaganiza ngati anthu osauka. Anapanga galasi lokhuthala la pulasitiki ndi chivindikiro cha kumbuyo mwa njira yoti madzi akamapanikiza, ziwirizi zimakanikiza kamphira ka m'kati n'kutsekeka kwambiri. Ukamapita pansi, m'pamene imalimbira. Dzina lake ndi Amphibia, mpaka lero ikupangidwa, ndipo kwa zaka zambiri inkagulidwa ndi madola osakwana 100. Si yokongola, kabatani kake kokonzera nthawi kamagwedera ngati dzino la mwana, koma madzi salowa.

Wina anena kuti nanga kusunga nthawi? Chabwino. Injini yotchipa ya Seiko yotchedwa NH35, imene makampani ambiri amagula n'kuika m'mawotchi awo, imaloledwa kuthamanga mpaka masekondi 40 pa tsiku kapena kuchedwa masekondi 20, ndipo ukaivula imayenda maola a m'ma 40. Apa Rolex yapambana, sindikana. Koma masekondi 40 pa tsiku, pa sabata ndi mphindi zosakwana 5, ndipo kukonza kwake ndi kungopotoza kabatani Lamlungu m'mawa. Ndiuzeni msonkhano umodzi kuno ku Malawi umene unachedwa chifukwa cha masekondi 40. Minibasi ya ku Zomba imanyamuka ikadzadza. Mlendo wolemekezeka woitanidwa 9 koloko amafika dzuwa litapendeka, ana asukulu atakomoka awiri, wotchi ya mamiliyoni ili ngwee pamkono. Ndiye kulondola kwa masekondi 2 kwamuthandiza ndani?

Ndipo ngati nkhani ndi kulondola, mpikisano umenewo unatha kalekale. Pa 25 Disembala 1969 Seiko inagulitsa Astron, wotchi yoyamba ya pamkono ya mtundu wa quartz, yoyendera batire, ndipo m'zaka zotsatira mafakitale ambiri a ku Switzerland anatsekedwa. Ka Casio F-91W kakuda kapulasitiki kaja, kamene kanatuluka mu 1989, kamalakwitsa masekondi 30 pa mwezi wathunthu. Kamaposa Submariner. Amene anapulumuka ku Switzerland anazindikira kuti nthawi yatchipa, ndiye anayamba kugulitsa ulemu. Imeneyo ndi bizinesi yanzeru, ine wa geni ndimawavulira chipewa. Koma inu ogula musasokoneze ulemu ndi kulimba. Bill Gates wakhala akuoneka pagulu atavala Casio ya obira ya madola osakwana 100, ndipo sindinamve kuti anachedwa nayo ku banki.

Tibwere kwathu, pa mamita 300 aja. Anthu obira pofuna kusangalala sapitirira mamita 40. Nyanja ya Malawi ili ndi malo akuya pafupifupi mamita 700 cha kumpoto, koma alendo amene amabira ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay kukaona mbuna amathera m'mwamba momwemu, m'miyala momwe dzuwa limafika, ndipo ambiri amavala kakompyuta ka pamkono kowerenga kuya ndi nthawi, osati wotchi ya magiya. Kuno kwathu Chilwa ndi wosaya moti bwato amalikankha ndi nsungwi, ndipo mu 1995 ndi mu 2018 anthu anayenda pansi pamene pankayenda mabwato. Obira enieni a dera lathu ndi anyamata a pa Malombe amene amalowa pansi kukamanga khoka la nkacha kuti kambuzi asathawe. Alibe botolo la mpweya, alibe mkombero wa manambala, wotchi yawo ndi chifuwa. Amene ali ndi Submariner yeniyeni m'dziko muno, madzi akuya amene wotchiyo yawaona ndi a m'beseni losambira m'manja ku hotela.

Ndiye ife wotchi yosalowa madzi tikuifuniranji? Ifetu ndi amene tikuifuna kuposa iwo. Thukuta la ku Liwonde mwezi wa Okutobala limadya lamba ndi chitsulo chomwe. Fumbi la ku Balaka limalowa paliponse pamene pali mpata. Mvula ya Januwale imakupeza pa kabaza pakati pa Nsanama ndi Ntaja popanda pousa. Msilamu amasamba m'manja mpaka m'zigongono asanaswali, kasanu pa tsiku. Namwino amasamba m'manja kosawerengeka, koma ayenera kuwerenga kugunda kwa mtima wa wodwala. Mwana wa Fomu 4 saloledwa kulowa ndi foni m'chipinda cha mayeso. Msodzi wa pa Chiuta sangatulutse foni m'thumba manja ali chonyowa pakati pa usiku. Ndipo amene munali kuno namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 mukukumbuka kuti magetsi atapita masiku, mafoni anasanduka miyala. Wotchi ya batire nayo ili ndi bala lake: batire likatha, mnyamata wa pamsika amaitsegula ndi mpeni, kamphira kaja n'kuduka kapena kutayika, ndipo kuyambira tsiku limenelo yayamba kumwa madzi. Ya magiya imatha zaka osatsegulidwa.

Umboni suli pa intaneti pokha. Pitani pa mzikiti wa ku Ntaja Lachisanu, kapena pa bwalo la amfumu tsiku la milandu, muyang'ane mikono ya madala amene anapita ku Wenela ndi ku Theba. Mupeza Seiko 5, mtundu umene unayamba mu 1963, galasi lokandikakandika, lamba womangidwa ndi waya, koma muvi ukuyenda. Si ya obira, koma magazi ake ndi omwewo. Njinga imene anabwera nayo inatha, wailesi inatha, sutikesi inadyedwa ndi chiswe. Wotchi yotchipa ija ikadali pa ntchito.

Tsono nachi chimene chimandiwawa. Kasitomala amafika pa benchi, wavala bwino, mwina mphunzitsi, mwina wa ku ofesi. Ndimamuonetsa Casio yeniyeni. Ndimamuonetsa ina ya ku China ya dzina losadziwika koma m'kati muli injini ya Seiko. Amazikankhira pambali ndi chala chimodzi. "Mayi, Rolex mulibe?" Ndikati ndilibe, amapita mabenchi atatu kutsogolo n'kukaipeza, pa mtengo wa nkhuku ziwiri, yagolide, yolembedwa mamita 300. Iye akudziwa kuti si yeniyeni. Wogulitsa akudziwa. Amene akamuone nayo ku tchalitchi akudziwa. Tonse tagwirizana kunamizana, ndipo amene wagona ndi njala tsiku limenelo ndi ine amene ndinanena zoona.

Mukaitsegula Rolex ya pamsikayo mumapeza kainjini ka batire kakang'ono ngati khobidi, kogwiridwa ndi mkombero wa pulasitiki kuti kasagubuduke. Kamphira mulibe, kapena kalipo kongonamizira. Pakatha milungu itatu golide wayamba kusupuka, mkono wabiriwira. Mvula yoyamba, galasi lachita nkhungu m'kati. Ndiye bambo uja amabwera pa Facebook n'kulemba kuti zotchipa n'zachabechabe, a pamsika ndi akuba. Ayi bambo. Inu simunagule wotchi yotchipa. Yotchipa munaikankha ndi chala. Munagula dzina, ndipo dzinalo mwalilandira, likadali pomwepo pansi pa nkhungu.

Inu alembi muyenera kumvetsa msanga. Mumakwiya wina akaba ndakatulo yanu n'kuikapo dzina lake. Iyi ndi mbala yomweyo yoyenda chafutambuyo: munthu walemba ndakatulo yofooka n'kusainapo dzina la Jack Mapanje kuti muiwombere m'manja. Kodi mukaizindikira mumanena kuti alakatuli onse osatchuka ndi achabe?

Ndipo lekani kutukwana China yonse. Foni imene mukuwerengera nkhaniyi mwina inachokera komweko. Kuli makampani monga San Martin ndi Steeldive amene amapanga mawotchi a obira ndi chitsulo chenicheni, galasi lolimba losakandika wamba, ndi injini ya NH35 ija. Ambiri amatengera maonekedwe a Submariner kapena a Seiko zakale, ndipo zimenezo sizindisangalatsa kwenikweni, munthu azikhala ndi nkhope yake. Sindikuwaikanso pa mzere umodzi ndi Seiko, chifukwa zina zimatuluka m'fakitale zitamangidwa mothamanga. Koma amalemba dzina lawo. Ikafa mukudziwa woti mumutukwane. Wopanga feki alibe chifukwa cholimbikira ntchito, chifukwa manyazi ake amagwera Rolex, ndipo Rolex sakudziwa n'komwe kuti ku Mangochi Turn-off kuli msika.

Mawu oti "yotchipa" nawonso tiwagwire bwino. Madola 200 kwa mzungu ndi chakudya cha madzulo awiri, kwa ife ndi ndalama zoposa K340,000 pa mtengo wa ku banki, malipiro a miyezi ingapo. Sindikuuza mayi wogulitsa tomato kuti atenge ngongole ku banki mkhonde agule Orient. Ndikunena kuti makwerero alipo, ndipo sitepe iliyonse ili ndi wotchi yoona. Amene muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Cape Town, m'malo moti akubweretsereni Rolex ya pamsewu, muuzeni afufuze Seiko kapena Orient yogwiritsidwapo kale ntchito. Amene simungafike pamenepo, Vostok kapena ya ku China ya dzina lake. Amene simungafikenso apo, Casio, koma muyang'anitsitse chifukwa nayonso akuba anaipeza. Chimene ndikukana ndi kulumpha makwerero onse n'kukagwira mthunzi wa sitepe yapamwamba.

Ena amati Rolex ndi chuma, mtengo wake sugwa. Kunja kuli msika wake, n'zoona, ngakhale mitengo ya zogulitsidwa kachiwiri inakwera mpaka kumayambiriro kwa 2022 kenako n'kutsika. Koma mwana akadwala usiku ku Balaka, mukaigulitsa kwa ndani kusanache? Mbuzi imagulidwa m'mawa womwewo. Kampani yake imati wotchiyo izikonzedwa pafupifupi zaka 10 zilizonse, ndipo kukonzako kumafuna kuitumiza kunja, pa mtengo woposa Seiko yatsopano. NH35 ikatopa, injini yonse yatsopano imagulidwa ndi madola makumi ochepa, mmisiri n'kuchotsa yakale n'kuika ina.

Mmisiriyo ndiye wina amene feki ikumupha. Kale tawuni iliyonse inali ndi bambo wa pakhonde la sitolo, kabokosi kagalasi patsogolo, kagalasi kokulitsa zinthu pa diso limodzi, akutsuka timagiya ndi kudontheza mafuta. Lero ambiri anasiya, ena akukonza mafoni, otsalawo ntchito yawo ndi kusintha mabatire ndi kufupikitsa malamba. Feki sikonzedwa, imatayidwa. Wotchi yoona ya magiya imadyetsa mmisiri zaka zambiri, ndipo ndalama yake imatsala m'tawuni momwemo.

Mukafika pa benchi lililonse, langa kapena la mnzanga, musachite manyazi kuyesa. Yang'anani muvi wa masekondi. Wa batire umadumpha kamodzi pa sekondi, wa NH35 umayenda timasitepe 6 pa sekondi, wa Submariner 8, moti m'maso umaoneka ngati ukutsetsereka. Rolex ya obira yodumphadumpha ngati chule, isiyeni pomwepo, ngakhale feki zina zodulirapo masiku ano zimatsetsereka nazonso. Gwirani kabatani ka m'mbali: ka wotchi ya obira kamamangidwa mopotoza ngati chitsekerero cha botolo, sikangosololoka. Zungulitsani mkombero, uzilira tiki tiki ndipo ukane kupita mbali inayo. Iikeni padzuwa pang'ono, kenako muifunditse chitenje musuzumire: mivi ndi timadontho ziziwala. Ndipo mukaona WATER RESISTANT 30M musasangalale. Sizikutanthauza kuti mungabire nayo mamita 30, zikutanthauza kudontheredwa ndi madzi posamba m'manja basi. Yosambira nayo imayambira pa 100. Choyesera chachikulu ndi mtengo: chinthu cha K15 miliyoni sichingakupezeni pa mphasa pambali pa sopo ndi machesi.

Ndikudziwa kuti m'makomenti mubwera a "mayi mukuyankhula nsanje," ndi ena amene mudzalumbira kuti yanu ndi orijino, anakutumizirani malume a ku Durban. Sitikangana. Pa benchi panga pali ndowa imene ndimatungira madzi pa mpope wa mumsika. Ndowa si mamita 200, ndikudziwa, ndi mayeso a sitandade 1 chabe. Bwerani Loweruka ndi Rolex yanu, ine ndiponyamo Seiko yakale ya bambo anga aang'ono, inu muponyemo yanu, tikadye chipisi kwa ola limodzi. Chipisicho alipire amene galasi lake lachita nkhungu. Ku Shire sitipitako, kuli ng'ona.